Chaka Chimene Ankati Thambo Labooka

Limbani tsopano amathamanga panja wopanda chipewa, ndipo ndikamuona ndimakumbuka chaka chimene anabadwa. Kuno ena amachitchula chaka cha mango ophika. Ena amati cha anyezi, chifukwa chimanga chinapota masamba mpaka munda wonse unkaoneka ngati dimba la anyezi. Ine ndimati chaka cha chibowo. Sukulu sindinapite nayo patali, ndipo kulankhula pagulu sindimatha, choncho ndingolemba mmene ndinaonera.

Okutobala

Chinali chaka changa chachiwiri pachitengwa. Kwathu kwenikweni ndi kumtunda ku Bembeke, kumene chifunga chimafika pakhomo ndipo khanda limavekedwa zaulusi ngakhale masana. Amuna anga, a Sitefano, ananditsitsira kuno kuchigwa, kumudzi kwawo pakati pa Mtakataka ndi Golomoti. Limbani atabadwa, mayi anga anatumiza chipewa cha ulusi, tisokosi, juzi ndi shawelo yokhuthala. Ndinangoziika pansi pa sutikesi, pakuti kuno ngakhale nkhuku imayenda kukamwa kuli yasa.

Tinkakhala bwalo limodzi ndi apongozi anga, aNangozo. Sanali munthu wankhanza. Anali ataika m'manda ana atatu asanayambe n'kuyenda komwe, ndipo Limbani akangoyetsemula iwo ankataya khasu n'kuthamanga. Ine ndinkawaopa basi, monga mtengwa aliyense. Polankhula nawo ndinkagwada, maso ali pansi, ndipo mawu anga ambiri anali akuti, "Chabwino amayi."

Chaka chimenecho kunatentha mwa mtundu wina. Tinkalawirira kukaunda mizere, koma dzuwa likangokwera pang'ono mpini unkatentha m'manja. Tsiku lina tili pamjigo anafika aChimbalanga, bambo amene amagulitsa usipa panjinga m'midzi yathu. Anali atavala zipewa ziwiri, china pamwamba pa chinzake.

"Azimayi, mwamva? Kumwambaku kwabooka."

"Kwabooka ndi chiyani inu aChimbalanga?" anatero aNangozo. "Mwayamba kale kachasu m'mawa uno?"

"Sekani, koma ine ndamva ndi makutu angawa pa wailesi, pagolosale ya aSaidi ku Mtakataka. Akuti pamwamba pa mitambo pali chophimba choti dzuwa lisamatiwaule. Ndiye achiboola ndi mpweya wa m'mafiliji. Kutentha mukukumvaku ndi dzuwa likudontha pachibowopo."

Azimayi anaseka, wina n'kunena kuti akwere okha akamatepo ndi phula. ANangozo sanaseke. Anabwera kumbuyo kwanga, n'kukokera nsalu pamutu pa Limbani.

Novembala ndi Disembala

Nkhokwe yathu inatha msanga, chifukwa chaka chinacho sitinakolole bwino. Tinayamba kudya kamodzi patsiku. Masana tinkaphika mango osapsa, mano n'kumachita dzanzi. Mvula yoyamba itagwa tinadzala mwachangu, ndipo chimanga chinamera bwino, chobiriwira, moti a Sitefano ankayenda m'mizere akuimba mluzu.

Koma nkhani ya chibowo sinathe. Inkangokula ngati chotupa. Ena anati chili pamwamba penipeni pa Golomoti. Ena anati chimatsekeka m'mawa ndi madzulo, koma dzuwa likafika pamutu chimayasama. Mbuzi ya anthu ena itafa yokha, anati yapsa ubongo. Ana analetsedwa kugula mafilizesi kwa aSaidi, ndipo aSaidiwo ankaima pakhonde la golosale n'kumadandaula kwa aliyense wodutsa.

"Wallahi, kafiliji kanga aka, kolephera n'kuziziritsa komwe botolo magetsi akathima, kakaboole kumwamba? Kakwere pa chiyani?"

Tsiku lina ndikumusambitsa mwana, aNangozo anakhala pafupi. Anaika chala pa liwombo lake, paja pofewa pamutu pa khanda pamene pamagunda ngati mtima.

"Make Limbani, mukuona apa? Ife akuluakulu mitu yathu inauma. Koma uyu apa n'potsegula. Dzuwa la pachibowo likafika, lilowera pomwepa. Zaulusi zija anatumiza amayi anu zili kuti?"

"Zili m'sutikesi, amayi."

"Zitulutseni. Mwanayu asamaone kumwamba."

"Chabwino amayi."

Sindinavomere chifukwa cha ulemu wokha. Nanenso ndinkakhulupirira. Ndikayang'ana pamutupo pakugunda, khungu lokhalokha, mtima unkandithawa. Sindinali ndekha. Kusikelo mwezi umenewo makanda ambiri a m'mudzi mwathu anabwera atavala ngati tili m'mwezi wa Juni.

Januwale

Chakumayambiriro kwa mwezi mvula inadula. Poyamba tinati ndi ng'amba ya masiku onse, ibweranso. Mitambo inkasonkhana kumapiri a kumadzulo, kugunda, ife n'kutulutsa ndowa, kenako n'kubalalika. AChimbalanga anati mitamboyo ikuthawira pachibowo, monga utsi umatulukira padenga lobooka. Palibe anawaseka ulendo uno.

Chimanga chinali chitafika m'chiuno. Chinayamba kupota masamba masana n'kumasuka m'mawa. Kenako chinaleka kumasuka. Ukayenda m'munda unkamva kuti tswatswatswa ngati mwezi wokolola.

Pamsika wa Mtakataka mtengo unkasintha munthu uli pamzere. Ndowa ya chimanga inafika pamtengo umene kale tinkagulira kamwana ka mbuzi, pamene mbuzi yeniyeniyo inkagulidwa motaya chifukwa aliyense ankagulitsa. Madeya amene tinkapatsa nkhumba anayamba kuyezedwa pambale. Oyandikana nafe anagulitsa malata a denga la khitchini. Ena anatumiza atsikana awo kukagwira ntchito za m'nyumba ku Salima. Kunkamveka kuti kubwera chimanga chaulere, anthu n'kukakhala kusukulu tsiku lonse, n'kubwerera matumba ali opinda m'khwapa.

A Sitefano anaganiza zokwera kumtunda, kwa abale anga, kukagwira ganyu m'minda ya kachewere. Potsazika anamunyamula Limbani n'kuseka.

"Koma mwanayu akulemera ndi thupi kapena ndi zovala?"

"Iwe pita uko," anatero amayi awo. "Za ana uzidziwa bwanji?"

Ine ndi aNangozo tinayamba kupita ku Bwanje kukapalira mpunga wa eni ake, malipiro ake ufa wa tsiku limenelo. Limbani ankakhala kumsana kwanga, m'chipewa, m'juzi, shawelo pamwamba. Msana wanga wonse unatuluka zidzolo. Ndiye panabweranso lamulo lina. Kwathu kuno mayi akayenda padzuwa amafinyira pansi mkaka woyamba asanayamwitse, amati watentha. ANangozo anati chaka chino kufinya kokha sikukwanira.

"Dzuwa ili si la masiku onse. Mkaka ukumapsera m'bere momwemo. Muzimuyamwitsa m'mawa tisanapite, kenako madzulo thupi likazizira. Masana tizimupatsa timadzi."

Timadzito tinali ta m'ngalande ya mpunga, toyalula ndi chikho pamwamba.

Febuluwale

Limbani anayamba kutsegula m'mimba. Tinati mwina ndi mano. Tsiku lotsatira sitinapite kuganyu. Ankalira mawu osasa, ndipo ndinaona kuti akulira popanda misozi. Bere ankangoligwira n'kulisiya.

Kutacha, ndinapeza thewera lili louma monga ndinamuvekera dzulo lake. Nditasendeza chipewa, ndinaona liwombo litalowa m'kati, ngati pamene munthu wadinda chala padothi lonyowa.

"Amayi! Bwerani mudzaone!"

Anabwera akuthamanga. Atangoona anagwira kumutu.

"Mayo ine! Dzuwa lamupeza. Chipewa chija chinasendera tsiku lija ku Bwanje, ndinaona ine."

Anatentha timizu tawo, n'kusakaniza phulusa lake ndi mafuta a nsatsi, n'kumata pamutu pa mwanayo phala lakuda lija amati limakweza liwombo. Anamuvekanso chipewa, n'kutenga bulangeti lawo lomwe n'kumukulunga. Tinakhala m'nyumba, chitseko chotseka, kudikira kuti mankhwala agwire.

Dzuwa linakwera. Malata anayamba kulira ndi kutentha. Mwana analeka kulira. Ndinalowetsa dzanja m'bulangetimo, ndipo munali ngati m'ng'anjo ya njerwa. Maso ake anali otsegula pang'ono, koyera kokha kukuoneka. Ndinamuitana dzina, sanatembenuke.

"Amayi, bwanji tipite naye kuchipatala?"

"Tipita, mwanawe, tipita. Koma dzuwa lipendeke kaye. Kunja kuno ndi nthawi imene chibowo chayasama. Mukufuna mukamumalizitse panjira? Ndiponso bambo ake sakudziwa. Tituma munthu akawaimbire."

Pakamwa panga panali patayamba kale kunena kuti chabwino. Koma ndinaona kachifuwa kake kakukwera msangamsanga ngati ka mwanapiye, ndipo ndinadziwa kuti madzulo ndi kutali.

"Ayi amayi."

Mawuwo anatuluka aang'ono kwambiri moti aNangozo anachita kuwerama kuti amve.

"Mwati chiyani, make Limbani?"

"Ndati ayi. Ndikupita naye ku Mua panopa."

Sindinagwade. Ndinamubereka ndi zofunda zake zonse, pakuti chibowocho ndinkachiopabe kuposa mmene ndinkaopera apongozi anga. Pakhomo ndinatola lichero n'kulisenza chovundikira kuti litiphimbe tonse awiri. Kumbuyo ndinamva akuitana, "Mundiphera mdzukulu! Bwererani!" Sindinacheuke.

Sindidzaiwala njira imeneyo. M'mudzi monse munalibe munthu panja, ngakhale galu. Mthunzi wanga unali utabisala pansi pa mapazi. Mchenga unkaotcha kudutsa patapata. Kumwamba sindinayang'aneko ngakhale kamodzi. Ndinkangomva ngati pali diso lalikulu lotsegula pamwamba panga, likutsata mwana wanga, ndipo lichero likasendera pang'ono ndinkakuwa ndekha. Mbali zonse ziwiri chimanga chinali chitaima choyera, chakufa.

Pafupi ndi msewu wa tala, pansi pa mlambe, panali aChimbalanga ndi njinga yawo, akudikira kuti masana adutse. Chifikireni pamudzi paja ndinali ndisanalankhulepo nawo kupitirira moni.

"Zikomo bambo," ndinatero. "Mwana."

Anadzuka n'kusuzumira kumsana kwanga. Kenako anayang'ana kunja kwa mthunzi, kumene tala ankachita kunyezimira ngati madzi. Anamasula dengu la usipa n'kuliika pansi pomwepo.

"Kwerani, mayi. Likatiwotcha litiwotchere limodzi."

Anapalasa mwamphamvu, zipewa ziwiri zili pamutu, malaya atamatirira kumsana. Pachitunda chokwera ku Mua anatsika n'kumakankha njingayo chothamanga, ine ndili pompo.

Kuchipatala tinalandiridwa ndi anesi ena achikulire, onenepa, a magalasi. Nditamasula nsalu n'kuika mtolo wanga pabedi, anandiyang'ana.

"Mayi, mwanayo ali kuti?"

"Ali momwemo."

Anayamba kumasula. "Bulangeti. Shawelo. Juzi. Mayi inu, mwanayu ndi nthochi kuti mumuvundike?"

Atachotsa chipewa n'kuona pamutu, nthabwala zinathera pomwepo. Anatsina khungu la pamimba, ndipo linangoima osabwerera. Anakuwira anzawo. Anafunafuna mtsempha m'manja, m'miyendo, osaupeza, mwana osalira n'komwe pomubaya. Ine ndinali nditaima pakona, lichero lili m'manja, ndikuyesa kupemphera koma mawu a pemphero onse anali atandithawa. Pamapeto pake anaupeza, n'kumuika dilipi.

"Wayamwa liti komaliza?"

Ndinafotokoza za mkaka wopsa, maso ali pansi. Sanandikalipire. Anangopuma mozama.

"Mkaka supsa m'bere, mwanangu. Liwombo ili silinalowe chifukwa cha dzuwa. Mwanayu watha madzi m'thupi, ena m'mimba, ena thukuta. Akangotha kugwira bere, mupatseni, usana ndi usiku. Sindikulonjezani kanthu. Tione mmene kuchere."

Dzuwa litapendeka anafika aNangozo, wapansi, fumbi mpaka m'mawondo. M'khwapa anali atapanira bulangeti lina lobwereka. Ataona mdzukulu wawo ali gone ndi thewera lokha, mphepo ya pawindo ikumuomba, anafuna kumufunditsa. Ndinagwira dzanja lawo. Tinayang'anana, koyamba chikwatiwireni. Anakhala pansi, bulangetilo lili pamiyendo.

M'mawa mwake Limbani analira. Analira mokwiya, ndipo m'maso munatuluka misozi. Anagwira bere ngati akufuna kulizula. ANangozo anatambasula chala pang'onopang'ono n'kukhudza pamutu pake. Panali patadzaza, pakugunda.

Anesi aja atabwera kudzaona dilipi, ndinalimba mtima.

"Anesi, nanga chibowo chija? Tikatuluka muno sichimupezanso?"

"Chibowo chiti?"

ANangozo ndi amene anafotokoza zonse, za Golomoti, za mafiliji, za masana. Anesiwo anakhala m'mphepete mwa bedi.

"N'chifukwa chake mwezi uno makanda akubwera ngati akuchokera kumapiri ozizira a ku Dedza! Tamverani. Amene anamva pa wailesiyo sananame, koma anamva theka. Kumwamba kwenikweni kuli mpweya wina, amati ozoni, umene umasefa dzuwa kuti ukali wake usamawononge khungu ndi maso. Mpweya wa m'mafiliji akale unauwononga, n'kupyapyala. Koma kumene unapyapyala kwambiri ndi kutali kummwera, kudziko la madzi oundana kopanda midzi, osati pa Golomoti. Maiko anagwirizana zosiya mpweya woipawo, ndipo pakutsekeka pang'onopang'ono, monga mmene patsekekere pamutu pa mwanayu. Kamthunzi ndi kansalu kopepuka n'zokwanira."

"Nanga kutenthaku?" anafunsa aNangozo. "Nanga mvulayi? Ine ndakalamba kuno, sizinali chonchi."

"Imeneyo ndi nkhani ina, mayi, ndipo ndi yoona. Utsi wa mafakitale, wa magalimoto, wa nkhalango zotenthedwa, wakhala ukuunjikana mumlengalenga zaka ndi zaka. Dzuwa limalowa monga kale, koma kutentha kukafuna kubwerera kumwamba kumapeza kotseka. Dziko lafunditsidwa bulangeti, ndipo nyengo yasokonekera. Mpweya wa mafiliji uja unkathandizira nawo kufunditsako, n'chifukwa chake anthu amazisakaniza. Ndi zapachibale, koma si chinthu chimodzi."

ANangozo anayang'ana bulangeti limene linali pamiyendo pawo. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye kuti chikutipha si kubooka. Ndi kuvundikiridwa."

"Mwamva bwino."

"Nanga bulangetilo adzalichotsa ndani?"

Anesiwo anavula magalasi n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa diresi.

"Limenelo, mayi, ndisakunamizeni. Sindikudziwa."

Anadzuka n'kupita pabedi lina.

Malichi

Mvula inabweranso chimanga chitafa kale. Inagwa yaukali, n'kukokolola mizere ya kumunsi. Tinadzala mbatata ndi khobwe pamene panatsala. A Sitefano anatsika kumtunda ndi thumba la kachewere ndi ufa pang'ono wochokera kwa mayi anga. Ndinkaopa kuti akamva zoti ndinatuluka ndi mwana osawauza, n'kukana mawu a amayi awo, pakhala mlandu. Koma aNangozo ndi amene anayamba, ine ndili kuseri kwa khitchini.

"Mkazi wakoyu tinkati alibe pakamwa. Ali napo. Usamadzamutseke."

Sabata lotsatira aNangozo anayenda okha khomo ndi khomo kumene kunali makanda, n'kumavula ana a eni ake zipewa. Ena anamva, ena anati akalamba. Kumudzi wa kutsidya kwa mtsinje kunachitika maliro a khanda mwezi womwewo. Sindinafunse kuti linali litavala chiyani. Ndinkaopa yankho.

Usipa wa aChimbalanga unadyedwa ndi agalu pansi pa mlambe paja. Titapita kukawathokoza ndi kachewere pang'ono, anakana kulandira, koma zipewa anali adakavalabe ziwiri.

"Anesi anuwo anapitako kumwambako?" anatero. "Ine mutu ndili nawo umodzi wokha."

Meyi

Tinakolola m'madengu, osafuna ngolo. Zitsononkho zambiri zinali ndi maso owerengeka, zina zopanda kanthu. Nkhokwe sitinaikonze n'komwe, chimangacho chinakwana m'matumba pakona ya chipinda. Chinatipulumutsa ndi mbatata ija, ndi ganyu, ndi chimanga chaulere chimene chinafika mochedwa. Limbani anayamba kukwawa m'fumbi, mutu uli pamtunda.

Lero pamutu pake panauma. Nthawi zina akagona ndimapasisita, n'kupeza fupa lokhalokha, ndipo mtima umakhala pansi. Chibowo sindichiopanso. Masana ndimatha kuyang'ana kumwamba.

Koma mantha sanandichoke, anangosamuka. Chaka chilichonse Okutobala akafika, kutentha kumabwera kolemera kuposa kumene ndikukumbuka, ndipo ndimadziwa mmene munkamvekera m'bulangeti muja nditalowetsa dzanja. Mwana wanga panapezeka womumasula. Tikamadzala ndimayang'ana mitambo ya kumapiri n'kumadzifunsa ngati ifike kapena ibalalike.

Chaka chatha tinali kuunda mizere, ine ndi aNangozo, Limbani akusewera pansi pa mtengo. Dzuwa linali lisanafike n'pamutu pomwe, koma mpweya unali utaima, wotentha ngati wa pamoto. Apongozi anga anaimika khasu n'kupukuta nkhope ndi mpango. Anayang'ana kumwamba, kopanda ndi kamtambo komwe.

"Make Limbani."

"Amayi."

"Anesi aja akanabwera adzativule ifenso."

Ndinafuna kuseka, koma nditawayang'ana ndinaona kuti iwo sakuseka. Tinaweramanso n'kupitiriza mzere.